Tsiku Limene Adzukulu Anakhalira Makasu

Mwandiitana kuti ndikulembereni kalata. Mwati a Nyoni anali mphunzitsi wamkulu, akalemba iwo boma limva. Mukufuna ndidandaule m'malo mwanu kuti oona za mafilimu akukulandani madeki ndi madisiki, akuti ufulu wanu wa bizinesi ukuponderezedwa. Ena mwachokera ku Mlangeni, ena mwapalasa njinga kuchokera ku Bwanje ndi dzuwa lonseli. Kalatayo sindilemba. Ndalemba china, ndipo mukhala pamabenchipo mpaka ndimalize kuwerenga. Iwe Layitoni, vula chipewa, muno si m'vidiyo mwako.

Chikwatu ichi mukuchiona. Muli chiphaso changa choyamba choonetsera mafilimu pano pa Lizulu, muli malisiti a sikirini ndi jenereta, muli chigamulo cha khothi, muli pepala lotulukira kundende. Mulinso pepala la kuchipatala lonena za imfa ya mkazi wanga, aNangozo. Ine sinditaya pepala. Choncho wina asanyamuke pano n'kumati nkhalamba ija imapeka nkhani.

Uphunzitsi wanga ndinaugwira nthawi ya chipani chimodzi. Galimoto ya kanema ikabwera pabwalo la sukulu, tinkaonera filimu yodulidwadulidwa. Mwamuna akangoyandikira mkazi, chithunzi chinkadumpha, n'kuona awiriwo ali kale pamsewu. Magazini ankafika atapakidwa inki pamiyendo ya akazi. Munthu wina amene sindinamuonepo ankandisankhira zoti ndione, ine bambo wa ana, mphunzitsi wa ana a anthu. Zinkandinyansa, ndipo mpaka lero sindikufuna lumo limene lija libwerere. Mumve bwino pamenepo, musadzandinamizire.

Matipate atabwera, ine n'kuti ndikupuma pantchito. Penshoni yanga ndinagulira sikirini, deki, ampulifaya ndi sipika yaikulu imene ndinaimangirira pamtengo kunja, kuyang'ana kumsika. Ndinatenga chiphaso mwa dongosolo n'kuchiika m'galasi pakhoma. Ndinkaonetsa karate, nkhondo, mpira ndi makwaya. Alimi akagulitsa kachewere ndi kabichi ankabwera kudzapuma. Zinkayenda.

Kenako mavidiyo anachuluka. Wina anatsegula kuseri kwa chigayo, wina pafupi ndi siteji ya minibasi, mabenchi anga n'kuyamba kuoneka matabwa. Ndiye kunabwera Zuze, wamalonda wa tsidya la msewu ku Mozambiki, atabisa matepi pansi pa thumba la kachewere.

"Aphunzitsi," anatero, "awa ndi a akuluakulu. Alibe sitika ya boma, lumo silinawakhudze. Mukaika tepi imodzi yokha, mudzachita kukana anthu pakhomo."

Mawu oti lumo silinawakhudze ndi amene anandikola. Ndinadziuza kuti uwu ndiye ufulu umene tinavotera. Zimene zinali m'matepimo sindizifotokoza. Mukuzidziwa, ena muli nazo m'matumba panopa. Akazi ovulidwa, akazi omenyedwa, akazi ophedwa, kamera osayang'ana kumbali. Tsiku loyamba ndinatuluka panja kukalavula. Sabata isanathe ndinkadya chimanga chootcha uku ndikuonera.

Chinyengo chimene nonsenu mumachita lero ndinachiyambitsa ndine pa Lizulu pano, musadzitame nacho. Ampulifaya yanga inali ndi switchi ya mbali ziwiri, mbali ina ya wailesi ya kaseti, mbali ina ya deki. Ndikaika filimu yolaula, sipika ya kunja ndinkaipatsa nyimbo za kwaya. Kunja aleluya, m'kati zonyansa. Mawindo ndinatseka ndi masaka.

ANangozo sanali munthu wolongolola. Tsiku lina akundipatsa madzi osamba anangofunsa kuti, "Bambo a Esinati, kodi masiku ano kwaya imafuna mawindo otseka ndi masaka?"

Ndinawayankha kuti za bizinesi azisiyire ine. Sanabwerezenso.

Tsopano tsiku lenilenilo. Linali la msika. M'mudzi mwathu munagwa zovuta: Mwandida, mwana wa mayi Nambewe, anamwalira pobereka, iye pamodzi ndi khandalo. Njira yopita kumanda imadutsa pakhomo pa vidiyo yanga. M'mawa ndinaona masamba atayalidwa panjira, monga timachitira pakagwa maliro. Wachigayo anathimitsa injini. Ogulitsa makaseti anatseka mawailesi. Apanjinga ankatsika n'kumakankha.

Kunabwera a Gwaza, mkulu wa adzukulu, amene amatsogolera okumba manda m'mudzi mwathu. Anaima pakhomo, dothi lofiira lili m'miyendo.

"Aphunzitsi, lero tsekani. Mtembo udutsa pompano."

Ine ndinawalozera pakhoma. "Werengani chiphaso icho, a Gwaza. Pali masiku ogwira ntchito. Ndionetseni pamene palembedwa za maliro."

"Ine kuwerenga sindidziwa," anatero. "Ndikudziwa kuti mtembo udutsa."

"Ndithimitsa nyimbo za kunja. Zam'kati sizikukukhudzani."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumapita.

Anthu anadzaza. Magetsi anali atathima, ndiye ndinaliza jenereta kuseri. Ndinaika imodzi mwa matepi a Zuze, yoipitsitsa pa onse. Nditakumbukira lonjezo langa, ndinatambasula dzanja n'kukankha switchi kuichotsa kumbali ya kwaya. Mumtima ndinkadziyamikira kuti ndine munthu waulemu. Koma switchi ija inalibe pakati. Ukaichotsa ku kaseti, yapita ku deki. Ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe, ndinaigula ndekha, lisiti lake lili umu. Koma chifukwa cha phokoso la jenereta ndi masaka a m'mawindo, sindinamve chimene chinkatuluka kunja.

Anandiuza pambuyo pake. Amayi a mpingo anali kutsogolo akuimba, bokosi pambuyo pawo, mayi Nambewe atagwiriziridwa mbali zonse. Atafika pamtengo wanga, sipika inali ikukuwa mawu a mkazi akuchitidwa zachipongwe, ndi amuna akuseka. Msika wonse unamva. Nyimbo inaduka pakati. Onyamula bokosi anasokonezeka mpaka analitula pansi, pafumbi, pakati pa njira. Bokosi la mayi ndi khanda lake linakhala pansi pa sipika yanga, iyo ikulirabe.

Chitseko chinatsegulidwa ndi phazi. Kuwala kutalowa, amuna akuluakulu anathawa ataphimba nkhope ndi zipewa, ena kudumphira pawindo. A Gwaza sanandimenye. Anazula waya pakhoma, n'kunena mawu awiri okha: "Tamva, aphunzitsi."

Apolisi anatenga sikirini, deki ndi matepi. Kukhothi ndinakana loya, ndinati ndidziyankhira ndekha. Ndinayala mapepala anga onse patebulo. Woweruza anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako ananyamula tepi ija n'kufunsa ngati inali ndi sitika. Inalibe. Anafunsa ngati chiphaso changa chinkalola filimu yotere. Sichinkalola. Ndinapita kundende, ine amene ndinkakwapula ana chifukwa chojambula zolaula pakhoma la chimbudzi. Kumeneko ndinapeza ena amene ndinawaphunzitsa. Ankandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji sala, lero mutionetsa iti?"

Musaganize kuti ndende inandisintha. Ndinatuluka wouma mutu kuposa mmene ndinalowera. Ndinayamba kachasu, ndikumwa ndekha chifukwa palibe ankafuna kukhala nane. Ndinalemba makalata odandaula kumaofesi onse amene ndinkawadziwa, makope ake ali umu. Mpingo unandidula. Esinati, mwana wanga amene anakwatiwa ku Bwanje, analeka kubwera ndi ana.

Nthawi yonseyo aNangozo ankasenza manyazi anga. Pamjigo amayi ankasiya kulankhula iwo akafika. Komabe panalibe maliro amene sanapiteko. Ankatunga madzi, ankaphika, ankagona pasiwa. Akabwerako ankandichonderera.

"Bambo a Esinati, pitani kwa aNambewe mukapepese. Ndikuperekezani."

"Ndipepese kawiri? Boma linandilanga kale. Pepala ili likuti ndinamaliza chilango."

"Pepalalo aNambewe analiona?"

"Mlandu umodzi sazenga kawiri. Limenelo ndi lamulo."

Anapukusa mutu. Anandipempha kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkawatulutsira pepala lomwelo.

Chaka china nthawi yozizira anadwala chibayo. Masiku ochepa okha, anatisiya.

Apa ndiye mumvetsere, chifukwa ndi chimene ndabwerera kuno.

Anthu anabwera pasiwa, amayi anadzaza nyumba. Ndinaganiza kuti zakale zinaiwalika. M'mawa kutacha, mlamu wanga anandinong'oneza kuti kumanda sikunayambe kukumbidwa. Ndinapita ndekha. Ndinapeza adzukulu onse alipo, makasu, mapiki ndi mafosholo zilipo. Koma anali atagoneka makasuwo pansi n'kukhalira mipini yake, akusuta fodya. Malo anali atalambulidwa. Bango loyezera bokosi linali pomwepo. Dothi silinakhudzidwe.

"A Gwaza, dzuwa likukwera. Bwanji simunayambe?"

"Tikudikira chiphaso, aphunzitsi."

"Chiphaso chanji?"

"Chija cha m'galasi. Kachitengeni chidzakumbe. Ife sitidziwa kuwerenga, mwina pamakasu athu sipanalembedwe za maliro a kwanu."

Ena anaseka. Mmodzi anati, "Kapena aitane a Zuze, abwere ndi anzawo a m'matepi aja. Amaoneka amphamvu."

Ndinapsa mtima. Ndinati ndikawasumira. A Gwaza anati ndipite, iwo adikira, koma mtembo sudikira. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Ambiri ndinawaphunzitsa kulemba maina awo. Palibe anagwetsa maso.

Ndinavula jekete n'kulipachika pamtengo. Ndinatola piki. Palibe anandiletsa.

Dothi la kumtunda kuno mukulidziwa nthawi yopanda mvula. Piki inkadumpha ngati ndamenya mwala. Manja amene anagwira choko moyo wonse anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Mpini unayamba kuterera ndi magazi. Ndinkakumba, ndinkapuma, ndinkakumba. Kachasu wa miyezi yonse ija ankatuluka m'thukuta, ndinkadzimva ndekha kununkha. Kumudzi ndinkamva amayi akuimba, nyimbo zomwe zija zimene ndinkaphimbira zonyansa zanga. Dzuwa linafika pamutu dzenje lisanafike m'mawondo, lokhota, mbali ina yotakata, mbali ina yopapatiza.

Ndinagwada m'dzenjemo chifukwa miyendo inakana. Ndili chogwada ndinayeza ndi maso, n'kuona kuti bokosi silingalowe. Ndinaona aNangozo, amene sanalakwire munthu, akudzatulidwa pansi pafumbi kudikira, anthu akuyang'ana. Ndipo pamenepo, kwa nthawi yoyamba, ndinaliona bokosi la Mwandida. Kukhothi analitchula, ine ndinkasanthula mapepala. Kundende sindinaliganizepo. Ndinaliona tsiku limenelo, lili pansi panjira, mayi ake ataima pambali, sipika yanga ikuwaseka. Ndinalira mokweza ngati mwana, osati chifukwa cha manja.

Kenako adzukulu anasiya kulankhula. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi ataima m'mphepete mwa mitengo ya kumanda. Mukudziwa kuti amayi safika kumanda pamene akukumba. Anali mayi Nambewe.

Sanandiyang'ane ine. Analankhula ndi a Gwaza.

"Achimwene, mwana wanga Mwandida anamusambitsa ndani?"

"ANangozo, mayi."

"Amuna awo ali kundende, amene ankabwera kudzandisinjira chimanga ine nditafooka ndi chisoni anali ndani? Amene ankagwada pakhomo panga kupepesa mlandu umene sanapalamule? Ndiye lero agone m'dzenje lokhota ngati la zinyalala? Akumbireni. ANangozo ndi athu. Awo ali m'dzenjewo sindikuwadziwa."

Anatembenuka n'kubwerera kumudzi. Zoti mkazi wanga ankapita kukagwada m'malo mwanga ndinazimva tsiku limenelo.

A Gwaza anaimirira, anataya fodya. "Tulukanimo, aphunzitsi, mukuononga manda." Anandikoka ndi dzanja limodzi. Adzukulu analowa, ndipo dzuwa lisanapendeke manda anali okonzeka, owongoka bwino. Tisanabwerere kukatenga mtembo, a Gwaza anandiyandikira.

"Awa takumbira aNangozo. A inu sitinalonjeze. Tsiku lanu likadzafika, mudzadzikumbira nokha."

Sanali kuseka. Ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake kuno kwathu. Munthu amene adzukulu amukana ndiye kuti mudzi wamulavula. Mwana wanga Esinati akanadzayenda pamsika kufunafuna aganyu oti akumbire bambo ake, ngati akukumbitsa chimbudzi.

Maliro atatha ndinasiya kachasu. Sindinachite mwambo uliwonse, ndinangokhuthula botolo kuseri kwa khola. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti sindinkatha kugwira cholembera.

Ndinagula mbuzi n'kupita kwa mayi Nambewe ndi mlamu wanga. Anatisiya titakhala padzuwa, kenako anatuma uthenga kuti mbuziyo ibwerere. Ndinapitanso, anatibwezanso. Ulendo wina anatuluka, anaitana abale awo onse, n'kunena kuti, "Mbuzi sindikuifuna. Ndikufuna munene pamaso pa anthuwa chimene chinkalira pa sipika yanu mwana wanga akudutsa. Musazungulire ngati kukhothi."

Ndinanena. Mphunzitsi wamkulu, nditakhala pansi pafumbi, ndinafotokoza pamaso pa amayi ndi akulu chimene ndinkagulitsa. Palibe chilango cha boma chimene chinandiwawa chotero. Nditamaliza anati, "Ndamva. Pitani." Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene, ndipo sindinawaumirize. Patapita nthawi anayamba kuyankha moni wanga panjira. Basi.

Matepi ena a Zuze apolisi sanawapeze, ndinawabisa kudenga. Ndikanatha kuwagulitsa, ena mwa inu munabwera kudzawafunsa, musayang'ane kumbali. Ndinawatentha masana pabwalo. Sipika ija ndinaitsitsa pamtengo n'kukaipereka kuti izithandiza zolengeza pamaliro. A Gwaza anati, "Iyo ayi. Pakamwa pake tinapamva." Lero nkhuku zanga zimaikiramo mazira.

Ndiye ndinayamba kupita kumanda. Maliro alionse, a mwana kapena a wamkulu, a mpingo wanga kapena wina, ndinkalawirira. Kukumba sindingathe, choncho ndinkatungira adzukulu madzi, kunola makasu, kuchotsa mizu. Poyamba sankandilankhula. Kenako anayamba kundinyoza, ndipo ndinadziwa kuti zayamba kuyenda, pakuti adzukulu sanyoza mlendo. "Sala, bweretsani madzi! Mwalemba lisiti lake?"

Vidiyo ndinatsegulanso, ndi chiphaso chatsopano. Filimu iliyonse ndimayamba ndaionera ndekha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikakhala yoti sindingaonere nditakhala benchi limodzi ndi Esinati, imabwerera kumene yachokera, ikhale ndi sitika kapena ayi. Masaka ndinachotsa, chitseko chimakhala chotsegula, aliyense wodutsa aone chimene chili pa sikirini. Ndikaona masamba panjira ndimakhoma loko, ngakhale litakhala tsiku la msika. Anthu ndi ochepa, inde. Ena amapita kwa inu. Apite.

Musandiuze za oona za mafilimu. Ndikuwadziwa. Amabwera mwa apo ndi apo, amayang'ana sitika, amapita. Amene anandigwira ine si iwo, ndipo amene anandiwongola si iwo. Inu mukulimbana ndi lumo la boma pamene lanu mulibe. Mukuti anthu amafuna okha, simuwakakamiza. Inenso ndinkatero. Mukuti ndi ufulu. Ine ufuluwo ndinauvotera inu mukadali ana, ndipo sindinavotere kuti mkazi aziphedwa pa sikirini anthu akudya chimanga. Iwe Layitoni, kwaya imene imalira pakhomo pako masana onse, ukuganiza kuti amayi ogulitsa tomato sadziwa chimene ikuphimba? Akudziwa. Akungosunga. Kuno anthu sakulembera kalata yochenjeza, amadikira tsiku limene udzawafune.

Chaka chatha tinali kumanda, tikukumbira mkulu wina. Ndinali nditakhala pambali ndi chigubu cha madzi. A Gwaza, amene nawonso akalamba tsopano, anadula bango latsopano n'kundiitana.

"Sala, taimani apa. Mowongoka, ngati pa asembule."

Ndinaima. Anaimika bango pambali panga, analithyola pamene panafika mutu wanga, n'kuliyang'ana.

"Mwafupika, aphunzitsi. Simutivutitsa inu, tikadzayamba m'mawa pofika nthawi ya tiyi tamaliza."

Adzukulu onse anaseka. Ndinafunsa kuti, "A Gwaza, mukutanthauza kuti mudzandikumbira?"

"Nanga tikusiyeni mununkhe? Tengani bangoli mukasunge, anyamatawa asadzavutike kuyeza."

Chizolowezi sichitha. Ndinawapempha kuti tilembe pansi zimenezi, iwo adinde chala. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwayambanso! Pitani mukatunge madzi."

Choncho chinthu chokhacho chimene ndinachivutikira zaka zonsezi chilibe pepala. M'chikwatu umu mulibe. Ndabwera nalo bangolo, ndi ilo ndaliimika pakhomo, amene ena mwa inu munaliyesa ndodo yanga. Kalata yanu kalembeni nokha ngati mukuifunabe. Koma potuluka aliyense aime pambali pake, adzifunse ngati kumudzi kwawo alipo munthu amene angamudulire lake.